MAKALA AMANGA CHIPHE M'NTHAKA, KOMA SACHICHOTSA

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi yathu kwa Mavwere. Mlembi wawalemba pano kuti amene sanafike awerenge, ndi kuwerengeranso anzao.

Ndithokoza kuti mwasiya makasu ndi madimba anu ndi kudza kudzamva nkhani ya dothi. Ena anganene kuti dothi si nkhani ya pa msonkhano, koma ine nditi palibe nkhani ina yoposa iyi, pakuti nsima yathu ichokera m'dothi, ndiwo zathu zichokera m'dothi, ndipo ana athu asewera pa dothi lomwelo kuyambira m'mawa kufikira madzulo.

Nkhaniyi inayamba ndi funso. Pa msonkhano wapitawo mai wina anaimirira nati dimba lake liri kumunsi kwa malo amene anyamata aphwanyirapo mabatire akale a galimoto ndi a sola, ndipo mvula ikagwa madzi a pamenepo atsikira m'mabedi ake a mpiru ndi a lepu. Anati anamva kuti makala okwiriridwa m'nthaka amapha chiphe chotere, nafunsa ngati nzoona. Palibe amene anamyankha bwino tsiku lija. Tsono komiti inandituma ine kuti ndifunefune yankho, ndipo lero ndabwera nalo.

Yankho lake ndi ili. Makala opangidwa bwino amanga chiphe cha zitsulo m'nthaka kotero kuti mizu ya mbeu isachiyamwe kwambiri, koma sachipha ndipo sachichotsa. Ziri ngati galu wolusa amene mwam'manga pa chingwe. Alendo apita bwino pakhomo, inde, koma galuyo alipo, mano ali nao, ndipo tsiku limene chingwe chidzaola adzalumanso. Ndifuna kuti pochoka pano mudziwe kupota chingwecho, ndiponso mudziwe pamene chingwe chokha sichikwanira.

Ndiyambe ndi Kabwe, m'dziko la abale athu la Zambia, chifukwa kumeneko ndiko kuli phunziro lalikulu la nkhaniyi. Akuluakulu akumbukira masiku amene Mchinji ankatchedwa Fort Manning ndipo Chipata ankatchedwa Fort Jameson, pamene amuna ambiri a m'malire muno ankaoloka kunka ku migodi kukafuna ndarama za msonkho. Umodzi wa migodiyo unali wa Broken Hill, umene lero ndiwo mzinda wa Kabwe, pa mtunda wa makilomita ngati 140 kumpoto kwa Lusaka. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka kumeneko m'chaka cha 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo anakumba ndi kuyenga kwa zaka pafupifupi 90 kufikira mgodi unatsekedwa mu 1994.

Mgodi unatsekedwa, koma mtobvu sunasamuke. Utsi wa m'ng'anjo unali utagwera pa nyumba, pa mabwalo ndi pa minda kwa zaka zonsezo, ndipo zotsalira za miyala zinaunjikidwa mulu waukulu wakuda umene anthu autcha Black Mountain. Mphepo ya chilimwe inyamula pfumbi la pamenepo kunka nalo m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mwana akakwawa pabwalo, nagwira pansi, naika chala m'kamwa, wadya mtobvu. Mtobvu suwawa ndipo sununkha, kotero kuti mai sangathe kudziwa kuti mwana wadya kanthu koipa.

Imvani zimene anapeza akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzao a Hokkaido University ya ku Japan, zimene anasindikiza mu 2015. Anayeza magazi a ana ang'onoang'ono 246 a m'makomboni atatu aja. Madotolo amayeza mtobvu pa kamuyeso kotchedwa maikrogramu m'magazi okwana theka la kapu ya tiyi. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linena kuti pakafika pa 5 ayenera kufunafuna kumene mtobvuwo uchokera, ndipo pakapitirira 45 mwana ayenera mankhwala a kuchipatala. Ana onse 246 anapitirira 5, ndipo mmodzi anapitirira 400. Mtobvu uononga bongo wa mwana pamene ulikukula, umchepetsa nzeru za kusukulu, uumitsa magazi, upweteketsa m'mimba, ndipo ukachuluka mwana akomoka nafa. Nzeru zimene zatayika motero sizibwerera.

Mu 2016 World Bank inabvomera ndarama zokwana madola 65.6 miliyoni zothandizira kukonza malo oonongeka ndi migodi ku Zambia, kuphatikizapo Kabwe. Mu October 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'dzina la amai ndi ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe, kusumira kampani ya Anglo American South Africa, imene ikana kuti mlanduwo si wake. Mu December 2023 khotilo linakana kuti mlandu upite monga anaubweretsera, ndipo osumawo anachita apilo. Taonani tsono, zaka zoposa 30 zapita chitsekere mgodi, ndarama zochuluka zalowa, makhoti akhala, koma dothi likali ndi mtobvu. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Wina anganene kuti, kodi ife a kwa Mavwere za ku Kabwe zitikhudza bwanji, popeza kuno kulibe mgodi wa mtobvu? Nzoona, kulibe, ndipo sindinadzere kudzakuopsyezani kuti minda yathu yonse yaonongeka. Minda yambiri ya kuno iri bwino pa nkhani imeneyi. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe. Tiri nato timigodi tathu tating'ono pakhomo pomwe. Batire ya galimoto kapena ya sola, zoposa theka la kulemera kwake ndi mtobvu. Masiku ano nyumba zambiri ziri ndi sola, ndipo batire ikatha ena aiphwanya ndi nkhwangwa, nataya madzi ake a asidi pansi, nasungunula zitsulo zake pa mbaula kuti agulitse. Malo ochitirapo zimenezo, ngakhale ndi ochepa ngati bwalo la nkhokwe, asanduka Kabwe wamng'ono.

Palinso njira zina. Penti wina wa mafuta ali ndi mtobvu, ndipo pamene anayeza penti wogulitsidwa m'Malawi mu 2021 anaupeza wochuluka m'mitundu ingapo, kotero kuti a Malawi Bureau of Standards anayamba kulondola opanga ake. Petulo wa kale anali ndi mtobvu kufikira maiko a kuno anamleka poyamba pa chaka cha 2006, koma umene unagwera m'mbali mwa miseu yaikuru ukalipo. Pali mabatire ang'onoang'ono amene titaya kudzala, pali zinyalala za mawaya ndi mafoni zimene ena atentha, ndiponso pali anyamata athu amene apita kukakumba golide nabwera ndi zobvala za pfumbi la miyala. Ndipo migodi yaikuru siiri kutali monga tiganizira. Ku Kasiya, m'boma loyandikana nalo la Lilongwe, anapeza miyala yambiri ya rutile ndi graphite. Si mgodi uliwonse umene utulutsa mtobvu, koma kuli bwino mudzi udziwe mafunso ofunsa makasu a makina asanafike. Pa 18 February 2025 damu la zotsalira za mgodi wa kopa linaphulika ku Chambishi, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi ndi zitsulo analowa m'mitsinje yothira mu Kafue, napha nsomba ndi kutentha mbeu za alimi.

Tsono chiphe chimene tikunenachi nchotani? Ophunzira azitcha zitsulo zolemera, ndipo zazikulu zake ndi mtobvu, cadmium, mercury, ndiponso arsenic amene amamwerengera pamodzi nazo. Kusiyana kwake ndi zonyansa zina nkwakuti siziola. Ndowe iola, mapesi aola, ngakhale mankhwala ambiri a tizirombo atha mphamvu patapita nyengo. Koma mtobvu ukalowa m'dothi ukhala momwemo zaka mazana. Chimene munthu angathe kusintha ndi ichi chokha: kodi chitsulocho chiri chosungunuka m'madzi a m'dothi, kuti muzu uchimwe, kapena chiri chomangika, kuti muzu upite pambali? Apa ndipo palowera makala.

Makala amene tikunena, ophunzira awatcha biochar. Ndi makala opangidwa ndi zotsala za m'munda, zootchedwa pa moto waukulu wosowa mpweya, ndipo sapita ku mbaula koma asinjidwa ndi kusakanizidwa ndi dothi. Nzeruyi si yatsopano. M'nkhalango za Amazon ku Brazil muli malo a dothi lakuda lachonde lotchedwa terra preta, limene anthu a kumeneko analipanga zaka mazana ambiri zapitazo pokwirira makala, mafupa ndi zinyalala za pakhomo, ndipo kufikira lero libereka koposa dothi lolizungulira. Ngakhale ife tidziwa kuti pamene panali uvuni wa makala kapena dzala lakale, maungu ndi bonongwe zikondwa.

Makalawa amanga chitsulo m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi yochepetsa kuwawasa kwa nthaka. Minda yambiri imene yalimidwa chimanga chaka ndi chaka ndi feteleza wa urea imanka niwawasa, ndipo m'nthaka yowawasa mtobvu, cadmium ndi zinki zisungunuka msanga, monga mchere m'madzi. Makala ali ndi mphamvu yofanana ndi ya phulusa kapena laimu. Amai adziwa nchito ya chidulo m'thelele. Chotero makala atsitsa kuwawasako, ndipo zitsulo zibwerera kuuma.

Njira yachiwiri ndi timaenje. Mukathyola khala la chitsononkho ndi kuliyang'ana pa galasi lokuza, muona kuti liri ndi timabowo tosawerengeka ngati chisa cha njuchi. Makoma a timabowo timeneti akoka tizidutswa ta chitsulo natigwira, monga ulimbo ugwira mbalame. Njira yachitatu ndi mchere wa m'makalamo, makamaka fosifeti. Mtobvu ukakomana ndi fosifeti zigwirizana nkukhala kamwala kolimba kosasungunuka wamba. Nchifukwa chake makala a mafupa ndi a zitosi za nkhuku amanga mtobvu koposa makala a mtengo, pakuti ali ndi fosifeti wambiri. Akatswiri a University of Zambia amene anayesa chimanga pa dothi la pafupi ndi mgodi wa Kabwe, nasindikiza mu 2020, anapeza kuti manyowa a nkhuku ndi feteleza wa fosifeti zinachepetsa mtobvu umene mbeu ingathe kuyamwa.

Kodi makalawa anayesedwapo m'minda ya alimi onga ife? Inde. Akatswiri a Norwegian Geotechnical Institute, pamodzi ndi a Conservation Farming Unit ya ku Zambia, anayesa makala a zitsononkho ndi a mtengo m'maenje obzyalamo chimanga m'malo asanu a dzikolo, nasindikiza mu 2013. Ku Kaoma, kumene dothi liri la mchenga ndi lowawasa, matani 4 pa hekitala anachulukitsa chimanga koposa katatu. Koma pa malo ena a dothi labwino kusiyana kunali kochepa, penanso kunalibe. Kuyesa kumeneko kunali kwa zokolola, osati kwa chiphe, koma kutiphunzitsa zinthu ziwiri: kuti mlimi wa khasu angathe kupanga makalawa ndi zitsononkho zake, ndiponso kuti agwira nchito kwambiri m'dothi lowawasa ndi losauka. Amene akuuzani kuti makala achiza munda uliwonse akunamizani.

Tsono muyeso. Matani 4 pa hekitala ndi magalamu 400 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Umenewo ndi muyeso wa chonde. Pomanga chiphe pafunika ambiri. Ofufuza kawirikawiri asakaniza makala olemera gawo limodzi kufikira magawo 5 pa magawo 100 a dothi. Dothi la pamwamba pa mita imodzi yotereyo, kuya kwa khasu, lilemera makilogalamu oposa 200. Ndiye kuti pa magawo awiri pafunika makilogalamu 4 kapena 5 a makala. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali lidya makilogalamu ngati 50. Popeza makala a zitsononkho apepuka, amenewo ndi matumba angapo, ndipo kuti muwapeze mutentha zitsononkho zouma zoposa makilogalamu 200, pakuti moto ubweza gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu. Mwaona tsono kuti iyi ndi nchito ya dimba ndi kamunda ka pakhomo. Sitingathe kuchiza nayo maekala.

Kapangidwe kake nkotere. Kumbani dzenje longa mtondo, lotakasuka pamwamba ndi lopapatiza pansi, mita imodzi ndi theka pakamwa ndi pafupifupi mita imodzi kuya kwake, kutali ndi nyumba ndi udzu. Njira iyi ya dzenje inafalitsidwa ndi bungwe la Ithaka Institute la ku Switzerland kuyambira 2014, naitcha Kon-Tiki, ndipo siilira mgolo kapena chitsulo chogula. Sonkhani moto pansi pa dzenje ndi tinkhuni touma. Ukayaka bwino, yalani pamwamba zitsononkho, makoko a mtedza, mapesi kapena mitengo ya nandolo, zouma gwa, pang'ono chabe. Mukaona kuti zada ndipo phulusa loyera layamba kuoneka pamwamba, yalaninso zina. Chitani chomwecho kufikira dzenje lidzale. Malawi a pamwamba ndiwo adya mpweya, kotero kuti za pansi zipsya osasanduka phulusa. Mukaona utsi wambiri woyera, dziwani kuti mwaika zochuluka kapena zonyowa.

Dzenje likadzala, zimitsani ndi madzi ambiri, kapena kwirirani ndi dothi lonyowa ndi kupondaponda, nimudikire kufikira lizizire ndithu. Mukalisiya lokha mudzapeza phulusa m'mawa. Khala labwino lithyoka msanga, liri lakuda kufikira m'kati, ndipo silinunkha utsi. Sinjani makalawo ali onyowa kuti pfumbi lisalowe m'chifuwa, kufikira akhale ngati mphale. Musawaike m'bedi okha, chifukwa makala atsopano ali ngati thumba lopanda kanthu, ndipo ayamba kubisa chakudya cha mbeu kotero kuti masamba achita chikasu. Asakanizeni ndi manyowa a khola kapena a nkhuku, nimuwasiye pamthunzi milungu iwiri kapena inai ali achinyezi. Pambuyo pake galauzani nao dothi la bedi kuya kwa khasu, kumene mizu iyenda.

Tsopano ndifike pa machenjezo, ndipo ndipempha amene akusinza adzutsidwe, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Chenjezo loyamba: chimene muotcha ndicho mukwirira. Moto suchotsa mtobvu kapena cadmium, koma uziunjika pamodzi m'makala. Tsono musaotche mapesi kapena udzu umene unamera pa dothi loipa lomwelo. Musaotche matabwa opaka penti, mapulasitiki, kapena mapolo ndi matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala a chiswe, pakuti ambiri a iwo ali ndi arsenic ndi kopa. Mitengo ya fodya nayo ikhale pambali pa nchito iyi, chifukwa fodya ayamwa cadmium koposa mbeu zambiri. Ndipo wina asakadule mtengo m'phiri kapena m'mbali mwa mtsinje nati achita zimene ananena ku nthambi. Mitengo yatha kale. Tinena zotsala za m'munda zokha.

Chenjezo lachiwiri: si chiphe chonse chimene chimva makala. Mtobvu, cadmium ndi zinki zimangika nthaka ikaleka kuwawasa, koma arsenic achita zosiyana, ndipo nthawi zina makala am'masula m'malo mom'manga. Mercury, amene ena asambitsira golide, ali ndi makhalidwe akeake, ndipo choopsya chake chachikulu ndi nthunzi imene munthu apuma pomtentha. Kotero musanathire mankhwala dziwani nthenda.

Chenjezo lachitatu: chingwe chimaola. Makala akhala m'dothi zaka zambiri, koma mphamvu yao yotsitsa kuwawasa imanka nichepa ndi mvula ndi feteleza. Mukathira urea kapena salufeti chaka ndi chaka pa bedi lomwelo, nthaka idzawawasanso, ndipo chitsulo chija chidzamasuka. Bedi lotere lifuna manyowa, ndi kuonjezera makala kapena laimu patapita zaka. Uzani ana anu za bedilo, kuti amene adzalandira dimba adziwe chimene chiri pansi.

Chenjezo lachinai ndilo lalikulu koposa. Makala atchinjiriza muzu, koma satchinjiriza kamwa ya mwana. Ana a ku Kabwe alandira mtobvu wambiri kuchokera ku pfumbi ndi dothi limene ameza, koposa umene uli m'kati mwa ndiwo. M'mimba mwa munthu muli asidi wamphamvu woposa wa m'nthaka iriyonse ya m'munda, ndipo asidiyo amasula zambiri zimene makala anamanga. Kotero pa malo okaikitsa ana asasewerepo. Pakwirireni ndi dothi labwino lochokera kwina, nimubzyalepo kapinga kuti pfumbi lisauluke. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Ndiwo zamasamba zitsukidwe bwino, pakuti mtobvu wambiri wa pa mpiru uli m'dothi lomatirira pa tsamba. Ndipo amai oyembekezera, ndilankhula mwaulemu, dothi lija mumalakalaka lingathe kupereka mtobvu kwa mwana ali m'mimba. Kambani ndi anamwino ku sikelo za chilakolako chimenecho, chifukwa kawirikawiri chiyenda pamodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Pamene chiphe chachuluka kwambiri, makala sakwanira konse. Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anafa chifukwa miyala ya golide imene ankaperera m'midzi inali ndi mtobvu. Chimene chinaletsa maliro kumeneko ndi kupala dothi lonse la pamwamba m'mabwalo, kukalikwirira kutali m'maenje osungika, kuthira dothi latsopano, ndi kupatsa ana mankhwala. Pa malo enieni ophwanyirapo mabatire njira ndi yomweyo. Pamenepo si pa dimba ai, ngakhale mutathira makala ngolo yathunthu.

Nanga tidziwa bwanji kuti dothi liri ndi chiphe, popeza maso saona? Palibe njira ina koma kuyeza. Safunsa anadya phula. Pitani kwa alangizi a zaulimi kuti akuonetseni katengedwe ka dothi ndi njira yolitumizira ku nyumba zoyezera, monga za ku Chitedze, pa mseu wathu womwewu wa ku Lilongwe, kapena ku Bunda. Nenani poyera kuti mufuna ayeze mtobvu ndi cadmium, chifukwa kuyeza kwa masiku onse kuona za kuwawasa ndi chakudya cha mbeu basi. Kuyezaku kulira ndarama, ndipo nchifukwa chake ndi nchito ya gulu. Dziwaninso kuti lamulo la za chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo mudzi uli ndi ufulu wokadandaula, kudzera kwa mkulu wa za chilengedwe ku Boma, pamene wina aononga nthaka kapena madzi ake.

Tsono ndiika pamaso pa msonkhano uno mfundo zinai kuti mukambirane. Yoyamba, komiti iyende m'midzi ndi m'misika yathu, ku Waliranji ndi kwina konse, ndi kulemba malo onse amene aphwanyirapo kapena kusungunulirapo mabatire, makamaka oyandikana ndi madimba, zitsime ndi sukulu. Yachiwiri, tipemphe mafumu athu alamule kuti batire yakutha isaphwanyidwe m'mudzi, koma igulitsidwe yathunthu, madzi ake ali momwemo. Anyamata amene adyera nchitoyi tisawayese adani. Ndi ana athu, afuna sopo, ndipo iwo ndiwo ayamba kupuma utsiwo. Tikhale nao pansi. Yachitatu, tisonkhe kangachepe kuti dothi la madimba awiri kapena atatu okaikitsa likayezedwe. Yachinai, pokolola chaka chino tisatenthe zitsononkho ndi makoko pachabe. Tikumbe dzenje limodzi la nthambi, tiphunzire pamodzi, tithire makala pa bedi limodzi ndi kusiya lina lopanda, kuti maso athu aone okha.

Kwa inu amai amene munafunsa, yankho langa ndi ili. Choyamba tsekani njira ya madzi ochokera kumtunda kuja, ndipo nchito yophwanya mabatire ichoke pamenepo, pakuti nkosathandiza kumanga galu mmodzi pamene ena alikulowa pa chipata. Mabedi a kumtunda amene madziwo ankafikapo aleke kubzyalidwa ndiwo zamasamba kufikira dothi litayezedwa. Ngati mufuna ndiwo msanga, umbani bedi lokwera ndi dothi lochokera kwina. Zotsatira zikabwera nizisonyeza kuti chiphe chiripo chochepa, pamenepo makala a zitsononkho osakaniza ndi manyowa a nkhuku adzakuthandizani ndithu, ndipo pa bedilo muyambe ndi mbeu zodya zipatso zake, monga matimati ndi nyemba, chifukwa mtobvu ufika pang'ono ku chipatso kusiyana ndi ku muzu ndi ku tsamba. Zikasonyeza kuti nchochuluka, tidzapita nanu kwa amfumu kukapempha malo ena, ndipo pakalepo tidzabzyalapo kapinga.

A Wapampando, ndalankhula nthawi yaitali ndipo dzuwa lapendeka. Dziko ili tinalandira kwa makolo athu lopanda mtobvu, ndipo anthu a ku Kabwe atiphunzitsa mtengo wake wa kuchedwa. Mutu umodzi susenza denga, kotero ndisiya mfundo zinai zija m'manja mwanu. Amene ali ndi zitsononkho zouma aonane ndi Mlembi tisanabalalike, kuti tidziwe tsiku lokumba dzenje.